Ndemanga: Oyang'anira koleji tiziwasankha ndi maso awiri

Ku Los Angeles m'dziko la America, anthu akapita kokaponya voti amasankhanso anthu 7 oti akhale m'bodi yoyang'anira makoleji 9 a m'deralo. Awa ndi makoleji otsika mtengo omwe amathandiza kwambiri ana ochokera m'mabanja osauka komanso akuluakulu ofuna kuphunzira ntchito. Wosankhidwa aliyense amakhala pampando zaka 4, ndipo ophunzira nawonso amasankha mnzawo mmodzi wowaimirira.

Udindo wa bodiyi ndi waukulu. Ndiyo imalemba ntchito mkulu wa makoleji onsewo, imavomereza bajeti, ndiponso imapereka makontirakiti a zomangamanga. Vuto ndi lakuti opikisana pa mipandoyi sadziwika kwenikweni, choncho ovota ambiri amangochonga dzina lililonse. M'chaka cha 2011 nyuzipepala ya Los Angeles Times inaulula kuti ndalama zankhaninkhani za ntchito yomanga m'makolejiwa ya madola 5.7 biliyoni zinasakazika chifukwa cha mapulani olakwika ndi ntchito zosalongosoka. Chonsecho ngongole ya ndalamazo anaivomereza ndi ovota eni ake.

Kuno kwathu makoleji a m'madera ophunzitsa ntchito zamanja anayamba mu 2015, ndipo yoyamba inali ya Ngara ku Karonga. Monga ovota a ku Los Angeles, nafenso makomiti a sukulu timasankha tokha. Posankhapo tisatengeke ndi chibale kapena pakamwa pokoma. Tisankhe munthu wodziwa kuwerenga lipoti la ndalama, ndipo akaitanitsa msonkhano, tiyeni tipiteko tikafunse mmene ndalama zayendera.