Manyowa a m'chimbudzi si chinthu chochita nacho manyazi

Mlimi wa ku Ngauma amagulitsa mbuzi kuti agule thumba la feteleza, pamene kuseri kwa nyumba yake wakwirira chonde chimene chikanadyetsa nthochi zake zaka zambiri. Mukamuuza zimenezi amalavula malovu. Ine ndikuti kunyansidwa kumeneku kukutisaukitsa, ndipo tikusiye.

Nkhaniyi si yachilendo kuno ku Niassa. Bungwe la Estamos, mothandizana ndi WaterAid, linaphunzitsa anthu a ku Lichinga ndi Mandimba kumanga chimbudzi cha maenje awiri osaya. Ukatha kudzithandiza umathiramo phulusa ndi dothi. Dzenje likadzaza umalitseka, n'kusamukira ku linzake. Podzalifukula patapita chaka, umapeza dothi lakuda, lofumbutuka m'manja, lopanda fungo ndi pang'ono pomwe. Feliciano dos Santos, mtsogoleri wa bungweli, ankayenda m'midzi ndi gulu lake loimba la Massukos kulalikira zaukhondo, ndipo mu 2008 analandira mphotho ya Goldman chifukwa cha ntchitoyi. Dziko lakunja linawomba m'manja. Nanga ife eni ake, n'chifukwa chiyani tikuonabe ngati nzeruyi ndi ya anthu osowa pogwira?

Otsutsa amatchula matenda, ndipo sakunama. Kolera amene anabuka ku Niassa mu 2022 sitinamuiwale. Mazira a njoka zam'mimba amakhala amoyo m'zonyansa kwa miyezi yambiri. Munthu wotapa zaziwisi n'kukathira m'dimba la repu ndi tomato, mawa n'kukagulitsa pamsika wa Mandimba, akupha ana a anzake, ndipo ameneyo mfumu imuletse lero lomwe. Koma mankhwala a vutoli amadziwika. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a mu 2006 amati kumalo otentha zonyansazi zisungidwe kopitirira chaka zisanapite kumunda. Onjezani phulusa, dzuwa, ndi kusamba m'manja ndi sopo.

Ndipo yambani ndi mitengo. Mango, mapapaya ndi malalanje zimabereka m'mwamba, kutali ndi dothi. Alimi a kokonati ku Zambézia angapindule chimodzimodzi, chifukwa manyowa amakwiriridwa patsinde ndipo chipatso chili ndi chigoba chake. Wochita nseru kwambiri angokumba dzenje losaya, likatsala pang'ono kudzaza akwirire ndi dothi n'kudzalapo mtengo. Sakhudza kanthu.

Mawu anga aakulu apite kwa akuluakulu a matauni a Cuamba ndi Mandimba. Nyumba zikuchuluka, maenje akudzaza, ndipo zopopedwamo ziyenera kupita kwinakwake. Patulani malo otchingidwa bwino, kutali ndi zitsime ndi mitsinje, oyanikirapo zinthuzi. Achipatala aziyeza zisanatuluke. Zochokera m'magalaji ndi m'mafakitale zisasakanizidwemo, poti mafuta ndi zitsulo dzuwa silizichotsa. Kenako mugulitse manyowawo motchipa kwa odzala mitengo ndi alimi a thonje, mvula ya chaka chamawa isanagwe.