Lekani kumulila Daenerys, cinyengo cinali ku Dragonpit

Ku America linali Sondo pa 19 May 2019, koma kuno kwathu inali kale Mande, 03:00 mbandakuca, kuzizila kutayamba. N'nadzifunda bulangete, voliyumu pansi kuti a landilodi asauke, data yozimya cifukwa pa gulu lathu la WhatsApp pali anthu amene pakamwa pawo sipakhala cinsinsi. Kucokela mu 2011, zigawo 73, ndipo ici ndiye cinali cothela ca Game of Thrones. Citatha n'nangokhala duu, kuyang'ana TV monga munthu amene kondakitala wam'thawila na chenji.

Kuyambila tsiku lija, nkhani iyi ikangobuka, aliyense amakamba cimodzimodzi: "Anamuononga Daenerys." Anthu opitilila 1 miliyoni anacita kusaina pa intaneti kuti HBO ipangenso sizoni 8. Ine sin'nasaine, ndipo olo lelo siningasaine. Mkwiyo nili nawo, mwina kuposa inu, koma anzanga mumauponya pa malo olakwika.

Daenerys sanasinthe usiku umodzi. Mu sizoni yoyamba anaocha Mirri Maz Duur wamoyo. Ku Meereen anapacika eni akapolo 163 osafunsa kuti ndani anacita ciani. Ku Vaes Dothrak anatsekela atsogoleli a Dothraki m'kacisi n'kuyatsa moto. Randyll Tarly na mwana wake Dickon anakana kugwada, iye anaitana Drogon. Nthawi zonsezi ise tinali kuombela m'manja, cifukwa amene anali kupsa anali anthu amene tinali kuzonda. Tsiku limene moto unagwela amayi ogulitsa pa msika ku King's Landing m'pamene tinayamba kufuula kuti olemba apenga. Nivomela kuti David Benioff na D.B. Weiss anathamanga ngako. Sizoni imene inali kukhala na zigawo 10 anaidula kufika pa 7, kenako pa 6, cakuti zinthu zofunika caka cathunthu zinacitika monga basi yothamangila makasitomala. Koma njila inali kuonekela kale. Anaifupikitsa cabe.

Cimene sinidzawakhululukila ni msonkhano uja wa ku Dragonpit.

Ganizilani bwino. Mzinda wasanduka phulusa. Anthu osawelengeka afa. Drogon wasungunula mpando wacifumu umene unaphetsa onsewa. Ndiye akuluakulu a Westeros akhala pa mipando mu mthunzi, zovala zoyela bwino, kuti asankhe wolamulila. Pakati pawo palibe olo munthu wamba mmodzi wopulumuka ku moto uja. Palibe wophika buledi, palibe mayi amene anakumba mwana wake pansi pa cipupa. Samwell Tarly yekha ndiye aimilila, mwamanyazi monga mwa masiku onse, n'kukamba kuti popeza mfumu idzalamulila aliyense, mwina aliyense akhale na mau posankha. Cotsatila ni phwete. Edmure Tully, munthu amene wangouzidwa kumene na Sansa kuti akhale pansi, ati kapena tipatsenso agalu voti. Yohn Royce ati adzafunsa hosi yake. Sam akhala pansi, nkhani yatha.

Ena mudzakamba kuti, "Iwe, ni nkhani ya makedzana, mavoti anali kuwadziwila kuti?" Bodza. Sewelo lomweli linationetsa mavoti. Ku Night's Watch, kumene kuli akawalala, ana a m'chile na anthu otayidwa, mwamuna aliyense amaponya voti. Ndiye mmene Jon Snow anakhalila Lord Commander wa namba 998 mu sizoni 5, ndipo amene anachula dzina lake anali Sam yemweyu. Ku Iron Islands amasonkhana n'kusankha mfumu, Yara Greyjoy anaimako yekha. Anthu a kuseli kwa Wall anatsatila Mance Rayder cifukwa anam'funa, osati cifukwa ca atate ake. Conco ganizo la Sam silinali lacilendo. Olemba analiika mkamwa mwake kuti cabe tiseke.

Enanso amati izi ndiye zoona zake, akuluakulu ni mmene alili. Apa nikanavomela sewelo likanationetsa msonkhanowu monga cinthu cowawa, monga mmene linacitila na Red Wedding. Koma iyai. Linapatsa Tyrion, mkaidi womangidwa maunyolo amene Grey Worm wangomuuza kuti atseke pakamwa, mpata wolalikila, n'kulengeza kuti kuyambila lomba mafumu azisankhidwa na mabanja olemekezeka, ndipo ati uku ndiye kuphwanya wilo imene Daenerys anali kukamba. Wilo iti yaphwanyika? Mabanja ni omwe aja: Stark, Tully, Arryn, Lannister. Asintha cabe tayala n'kusiya motoka na dalaivala wake.

Nanga cifukwa cosankhila Bran? Ati ali na mbili yopambana onse. Mwandi, amene anatamba bwino adziwa kuti mbili ya Bran inalembedwa pa misana ya ena. Hodor anam'beleka kwa zaka n'kufela pa citseko. Jojen Reed anafela m'njila. Meera Reed anam'koka pa cipale cofewa, yekha, akufa ali kumbuyo kwawo, mpaka anam'fikitsa ku Winterfell. Malipilo ake anali "zikomo" wouma mu sizoni 7, ndipo sitinamuonenso. Pa Dragonpit palibe anachula dzina lake. Bran yemweyo anali atakamba kale kuti sangakhale mbuye wa Winterfell cifukwa salinso Bran. Ufumu wonse utabwela, mnyamata anavomela mosavuta, n'kuonjezela kuti ndiye cimene anabwelela. Munthu woona zonse zocitika kulikonse, amene palibe angam'bisile kanthu, sewelo lifuna kuti nim'one monga mpumulo. Ine amaniyofya kuposa Cersei.

Zotsala zonse ni kugawana nyama. Sansa apempha kuti Kumpoto kudziimile pakokha, mlongosi wake agwedeza mutu, basi zatheka. Yara, amene Daenerys anam'lonjeza ufulu umenewo mu sizoni 6, angoyang'ana, zii. Bronn, munthu wopha anthu pofuna ndalama, amene sanabisepo kuti amagulika, apatsidwa Highgarden na unduna wa zandalama. Ndipo pa msonkhano woyamba wa boma latsopano, mu mzinda umene ukali kununkha utsi, ndunazo ziyamba kukangana ngati ayambe kumanga zombo kapena nyumba za mahule. Kamela icoka pang'onopang'ono, kutiuza kuti tiseke nawo.

George R.R. Martin anatulutsa buku lothela la nkhaniyi mu 2011, ndipo olemba sewelo anafika pamene mabuku anathela n'kupitiliza okha. Anthu ambili amayembekezela kuti iye akadzalemba mapeto ake adzam'konza Daenerys. Ine zimenezo sizinikhudza. Nifuna cabe kuona ngati m'buku lake Sam adzasekedwanso.

Mwezi watha n'nabwelezanso kutamba cigawo cija na mng'ono wanga, amene mu 2019 anali wamng'ono ngako kuti aonelele zinthu zotele. Pa Dragonpit anaimika filimu kuti afunefune botolo ya madzi ya pulasitiki imene anamva kuti inaiwalika kumbuyo kwa phazi la Sam. Atasiya, anabweza kumbuyo pang'ono, n'kumvelanso phwete lija. Ndiye ananifunsa kuti, "Ba mkulu, nanga aseka ciani?"