Kusowa kwa mapuloti otsika mtengo kukukankhira anthu m'madambo ku Mangochi

Mangochi: Madzi a m'nyanja ya Malawi atakwera kwambiri mu 2024, nyumba, minda ndi malo ogona alendo zinamira m'madera ambiri a m'mbali mwa nyanjayi komanso mtsinje wa Shire m'boma la Mangochi. Bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority linakumbutsa anthu kuti nkosaloledwa kumanga m'munsi mwa mzere wa mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, womwe madziwa anafikapo mu 1980.

Chenjezoli ndi lomveka, koma funso lomwe latsala ndi lakuti anthu ochoka m'malo oopsawa akamange kuti, nanga ndi ndalama zingati.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'bomali, ndipo oposa 53,000 mwa iwo anali m'tauni ya Mangochi, yomwe inali ndi anthu pafupifupi 40,000 mu 2008. Tauniyi ili m'chigwa, m'mbali mwa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, choncho malo ouma ndi ochepa. Kulowera ku Monkey Bay, malo ambiri abwino m'madera ngati Namiasi ndi Nkopola anatengedwa kale ndi mahotela komanso nyumba zopumuliramo anthu opeza bwino, zomwe zakweza mitengo ya malo.

Lamulo la mapulani a matauni la 1988 linkagwira ntchito kwenikweni m'madera osankhidwa okha, koma lomwe linalowa m'malo mwake mu 2016 linaika dziko lonse pansi pa mapulani. M'tauni, wofuna kumanga ayenera kukhala ndi puloti yovomerezeka, kujambulitsa pulani, kulipira ku khonsolo ndi kudikira chilolezo. Cholinga chake ndi chabwino, chifukwa ndi momwe amasungira malo a misewu, ngalande, mipopi ya madzi ndi sukulu.

Vuto ndi lakuti ndondomekoyi imafuna ndalama munthu asanaike njerwa ngakhale imodzi. Msodzi kapena mayi wogulitsa usipa amapeza ndalama mwa nyengo, ndipo amamanga pang'onopang'ono: chipinda chimodzi chaka chino, malata chaka chamawa. Kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunakwezanso mtengo wa simenti ndi malata, kotero kuti nyumba yokwaniritsa zonse zofunika pa pulani inawatalikira ambiri.

Zikatero, anthu amapita kwa eni malo kapena kwa mafumu kukagula malo opanda mapepala, ndipo otsika mtengo amakhala a m'madambo. Kumeneko kulibe ngalande, ndipo zimbudzi zimasefukira mvula ikagwa. Mangochi ndi limodzi mwa maboma omwe anavutika kwambiri ndi mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, ndipo madera otere ndi omwe amapereka mpata kuti matendawa afale msanga.

Dziko lino linayesapo kale njira ina. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, linkadula mapuloti m'madera otchedwa Traditional Housing Areas, n'kulambula misewu ndi kuika madzi, kenako n'kulola anthu kumanga ndi zipangizo zomwe angakwanitse. Maderawa anaperekedwa m'manja mwa makhonsolo m'zaka za m'ma 1990, koma kudula mapuloti atsopano sikunayende limodzi ndi kuchuluka kwa anthu.

Khonsolo ya Mangochi, mogwirizana ndi unduna wa za malo ndi mafumu, ingathe kubwezeretsa njirayi pa malo okwera: mapuloti ang'onoang'ono olipira pang'onopang'ono, mapulani a nyumba okonzeratu aulere, ndi chilolezo chomanga m'magawo. Mzere wa mamita 477 uyenera kulemekezedwa ndi aliyense, mwini hotela ndi msodzi yemwe. Koma ngati malo ovomerezeka akhalabe a anthu andalama okha, ogwetseredwa nyumba lero adzamanganso pomwepo madzi akangophwa.