Khoma limodzi, mabanja awiri

Nyumba zophatikizana, za mabanja awiri pa denga limodzi, si za m'matauni okha. Ngakhale pa Sharpevale, m'mbali mwa msewu wa M5 wochoka ku Balaka kupita ku Salima, womanga nyumba ya lendi amadziwa kuti khoma lapakati limapulumutsa njerwa ndi simenti. Koma mmisiri asanakoke chingwe cha maziko, takhalani naye pansi.

Pa khoma lapakatilo mutsamizepo chiyani? Ambiri amaikapo zipinda zogona uku ndi uku, ndiye khanda likalira usiku mabanja onse ali maso. Ine ndikuti gundanitsani khitchini ndi khitchini, bafa ndi bafa. Mapaipi amafupika, dzenje la madzi oipa limakhala limodzi, ndipo zogona zimapita kumathero komwe kuli mawindo. Khomalo likwere mpaka kukagunda malata. Likathera pa siling'i, utsi, makoswe ndi nkhani za m'banja zimadutsa pamwamba.

Kuchigwa cha Bwanje, komwe kuli Sharpevale, dzuwa la Okutobala silinyengerera. Zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo limasandutsa balaza kukhala uvuni, choncho mawindo ayang'ane kumpoto ndi kumwera kuti mphepo izidutsa. Maziko akwezeke ndithu, poti madzi otsika m'mapiri a Ntcheu amathera kuchigwa komweko.

Musaiwalenso khonde lakuseri. Mbaula imayakira pamenepo, ndipo banja lililonse likhale ndi khomo lake, chingwe chake choyanikira zovala, ndi kachipinda kosungira matumba a chimanga.