Makina osemera akamavina, yang'anani miyendo

Kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Mchinji kuli kashedi komwe mphwathu amagwirira ntchito ya ukalipentala. Chaka chatha anabwera ndi makina a lathe ogwiritsidwapo kale ntchito, omwe anagula ku Chipata n'kuwadutsitsa pamalire a Mwami. Awa ndi makina aja amazunguza mtengo, mmisiri n'kumaupala ndi tchizulo mpaka utasanduka mwendo wa tebulo, mbale kapena kamtondo kosinjira adyo. Ndalama zonse zinathera pa makinawo, ndiye poti awaikepo anatenga tebulo lathu lakale lodyera, n'kuwakhomerera ndi misomali.

Pa timitengo ting'onoting'ono zinkayenda. Tsiku lina anamangirira chipika cha mbale, chachikulu ngati nsengwa yaing'ono koma chosadulidwa mofanana. Atangoyatsa, tebulo lija linayamba kuvina n'kumasendera kukhomo. Chipikacho chinaguluka, chinamenya lata la kukhoma n'kulipinda. Mwana wathu wamng'ono anali atangochoka pamalo omwewo, atabweretsa madzi akumwa. Kuyambira tsikulo nkhani ya benchi timaiwerengera pa nkhani za umoyo wa pabanja.

Chimene chimavinitsa makina si chovuta kumvetsa. Chipika chikalemera mbali imodzi, mbali yolemerayo imakoka makina ulendo uliwonse ikazungulira, ndipo mphamvu yokokayo imakula msanga kuposa liwiro. Mukawirikiza liwiro kawiri, kukokako kumawirikiza kanayi. Benchi lopepuka limangotsatira. Choncho benchi labwino liyenera kukhala lolemera, lotakasuka kunsi, ndiponso losapindika m'mfundo.

Tisanadule thabwa lililonse tinayamba tayeza munthu. Mmisiri aime mowongoka atavala nsapato zake zogwirira ntchito, apinde mkono, ndipo muyeze kuchokera pansi kufika pa chigongono. Pamenepo ndi pomwe payenera kukhala nsonga ziwiri zogwira mtengo zija. Mphwathu anapezeka ndi masentimita 105. Makina ake, kuchokera pomwe amakhalira kufika pa nsonga, ndi masentimita 30, ndiye benchi linayenera kutalika masentimita 75. Musatengere muyeso wa mnzanu. Benchi likafupika mudzawerama tsiku lonse, madzulo n'kumadandaula msana ndi khosi. Likatalika mapewa amakwera, amatopa, ndipo tchizulo sichigwirika bwino.

Za matabwa tinakanganapo pang'ono. Iye ankafuna mlombwa, poti ndi wolimba. Ife tinati mlombwa ndi mbawa zasowa kale m'nkhalango zathu, n'kulakwa kuzithera pa chinthu chokhala m'shedi. Bulugamu wouma bwino ndi wolemera ndipo amapezeka paliponse m'boma lino. Paini nayenso amatheka, bola akhale wochindikala. Chachikulu n'chakuti mtengowo ukhale wouma. Bulugamu wamuwisi amang'aluka komanso kupindika akamauma, ndipo mfundo zomwe munamanga zolimba mu Epulo mudzazipeza zikugwedera pofika Okutobala.

Miyendo tinadula ya masentimita 10 mbali zonse, inayi, n'kuitangadza pang'ono ngati munthu amene wakonzeka kunyamula thumba la chimanga: pamwamba benchi n'lopingasa masentimita 40, koma pansi miyendo yatalikirana masentimita 70. Pamwamba tinayala matabwa awiri ochindikala masentimita 5. Misomali ayi. Msomali umagwira bwino chinthu chongokhala phee, koma kunjenjemera kumausolola pang'onopang'ono. Tinaboola n'kumanga ndi mabawuti a mamilimita 12 okhala ndi mawasha, kuti akakhwepa tizingowamanganso ndi sipanala. Makina enieniwo nawonso amangidwe ndi mabawuti obowoleza mpaka kunsi kwa thabwa.

Pali thabwa lina lomwe amisiri ambiri amaliiwala chifukwa silikongoletsa chilichonse. Ndi lija lopendekera, lochokera pamwamba pa mwendo uwu kupita kunsi kwa mwendo winawo. Taonani denga la tchalitchi kapena la sukulu: mathirasi ake onse ndi a ngodya zitatu. Chimango cha ngodya zinayi chimatha kupendama ngakhale matabwa ake asanathyoke, pomwe cha ngodya zitatu sichisuntha. Tinaika limodzi kumbuyo, ndi lina kumbali iliyonse. Kutsogolo tinasiya poyera kuti mapazi a mmisiri azilowa.

Kenako kulemera. Kunsi, pafupi ndi pansi, tinakhoma shelefu yolimba n'kusanjikapo matumba atatu a feteleza odzaza mchenga wouma. Thumba lotere likadzaza mchenga limapitirira makilogalamu 50 omwe analembapo aja. Mchenga umaposa miyala ndi njerwa chifukwa umameza kunjenjemera, sugogoda, ndipo tsiku losamuka mumangotsitsa matumbawo. Kulemeraku kukhale kunsi. Mukakuika pamwamba mwangopanga chinthu chosavuta kugwa.

Pansi pa shedi yathu ndi pa dothi, ndipo apa panatitayitsa masiku awiri. Amayi amadziwa kuti mphika sugwedera pa mafuwa atatu, koma chinthu cha miyendo inayi chimafuna pansi posalala, apo ayi mwendo umodzi umalendewera. Tinakumba n'kuthira kasilabu ka simenti, tinakasalaza ndi levulo. Kasilabuko kamatetezanso miyendo ku chiswe ndi chinyezi cha m'dzinja, monga muja miyala imachitira pansi pa nkhokwe. Amene alibe simenti akwirire njerwa zootcha zinayi molingana, n'kuyalapo zidutswa za tayala lakale.

Benchi lolimba silikhululukira liwiro lolakwika, ndiye mpofunika kuwerengera. Mota zambiri zomwe zimagulitsidwa kuno, pa magetsi athu, zimazungulira pafupifupi ka 1,400 pa mphindi, zina ka 2,800. Chipika cha masentimita 30 m'mimba mwake sichifunika kupitirira ka 700, ndipo chikakhala chosasalala muyambe pansi pa pamenepo. Pule ya masentimita 5 pa mota ya 1,400, yolumikizidwa ndi lamba ku pule ya masentimita 15, imatsitsa liwiro kufika pafupifupi 470. Motayo tinaimangira pa kathabwa ka mahinjesi kunsi kwa benchi kuti kulemera kwake kuzikoka lamba, ndipo lambayo tinamutchinga ndi kabokosi kuopa zala ndi malaya. Swichi ili kudzanja lamanja, pomwe munthu angaifikire osadutsa kutsogolo kwa chipika. Magetsi akazima, swichiyo izimitsidwe nthawi yomweyo, chifukwa akabwera makina adzadzuka okha.

Za fumbi sitingazisiye. Mu 1995 nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inaika fumbi la matabwa pa gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno, ndipo limadzutsanso mphumu. N'chifukwa chake benchi tinaliika pafupi ndi zenera, mphepo izichokera kumsana kwa mmisiri, ndipo popala ndi sandipepa amavala chotchinga pakamwa ndi mphuno. Chotchinga nkhope yonse chimapachikidwa pa msomali wa pa benchi pomwepo. Ana tinawalembera mzere pakhomo la shedi.

Titamaliza tinaika kapu yodzaza madzi pa benchi n'kuyatsa makina ali ndi chipika chomwe chija. Madzi ananjenjemera pang'ono koma sanatayike. Mabawuti timawayendera ndi sipanala kumayambiriro a mwezi uliwonse, ndipo miyezi itatu yoyamba onse ankapezeka atakhwepa. Tebulo lodyera linabwerera m'nyumba, mabowo a misomali tinawaphimba ndi nsalu.