MAFUWA ATATU A NKHONDO YA 1939 KUFIKIRA 1945, NDI MALO A ANA ATHU M'MENEMO



Pali mau amene amveka kawiri-kawiri pakati pa anthu ophunzira, akuti nkhondo yaikuru ija inali ya ku Ulaya, ndi kuti amuna a kwathu amene anapita ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma anangomenya timankhondo ta m'mphepete, tosasintha kanthu pa mathedwe a mlandu. Ine ndikana mau amenewa, ndipo ndipempha mundilole ndionetse cifukwa cace. Pakuti tikawabvomera tidzakwirira kaciwiri anthu amene anakwiriridwa kale kutali ndi kwao.

Mphika sukhala pa pfuwa limodzi. Nkhondo ija inakhala pa mafuwa atatu, ndiwo mtunda, nyanja ndi mlengalenga. Ndipo mtundu uli wonse umene unataya pfuwa limodzi unaona mphika wace ulikupendekeka, ungakhale unali ndi asilikari olimba mtima cotani. Cimene cinalumikiza atatuwo ndi nchito imene makolo athu anaidziwa ndi mapewa ao pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918, ndiyo mtengatenga. Msilikari sadya mfuti, ndipo ndege siimwa madzi a pacitsime. Wopambana anali iye amene anakhoza kufikitsa cakudya, zipolopolo, mankhwala ndi petulo kumene kunali ankhondo ace, natsekera mdani wace njira.

Taonani ciyambi cace. Pofika June 1940 Ajeremani anali atagonjetsa Poland, Norway, Holland, Belgium ndi France, ndipo pamtunda panalibe wowaletsa. Koma pakati pa France ndi England pali madzi, ndipo Hitler sakadaolotsa ankhondo ace asanathyole ndege za Angelezi, pakuti zombo zodzala anthu zopanda cozichinjiriza kumwamba ziri cakudya ca mabomba. Ndege zace zinalimbana ndi za Angelezi kuyambira July kufikira October, nizilephera, ndipo ulendo wakuoloka unalekeka. Pamenepo anayesa kugonjetsa England ndi njala, popeza dziko lija linali kudya tirigu ndi nyama zodzera panyanja. M'zaka za nkhondo zombo za malonda ngati 3,500 zinamira pa nkhondo ya m'nyanja ya Atlantic, zambiri mwa izo zomizidwa ndi sitima zoyenda pansi pa madzi. Koma zitacuruka zombo zoperekeza, ndipo ndege zouluka kutali zitayamba kulondera pakati peni-peni pa nyanjayo, zinthu zinatembenuka: m'mwezi umodzi wa May 1943 Ajeremani anataya sitima zotere zoposa 40, nacotsa zotsalazo m'njira ija. Cikadapanda ici, ankhondo a ku America sakadasonkhana ku England, ndipo anthu oposa 150,000 amene anatsika pa gombe la Normandy pa 6 June 1944 sakadatsikapo.

Tsono tiyang'ane njira ina ya panyanja, imene ipita pafupi ndi kwathu. Pamene Italy analowa nkhondo pa 10 June 1940, nyanja ya Mediterranean inakhala yoopsya, kotero kuti zombo zotengera katundu kwa ankhondo a ku Egypt zinazungulira ku Cape Town, nizikwera pakati pa Mozambique ndi Madagascar, nizilowa m'Nyanja Yofiira kufikira ku Suez. Njira imeneyi inali ndi zipata ziwiri zimene mdani akadatseka, ndipo pa zonse ziwiri panaima asilikari a King's African Rifles, amene ife tiwachula a Keyala.

Cipata coyamba cinali pakamwa pa Nyanja Yofiira, pamene Ataliyana anali nao maiko a Eritrea, Abyssinia ndi Somaliland. Ana a Nyasaland anaima pa Moyale mu July 1940 ndi pa Tug Argan mu August, nabwerera m'mbuyo pocepa ciwerengero. Koma caka cinzace ankhondo a ku East Africa, West Africa ndi South Africa analanda Mogadishu pa 25 February, nalowa mu Addis Ababa pa 6 April 1941, pamene Amwenye ndi Angelezi, atathyola linga la Keren, anatenga doko la Massawa pa 8 April. Ndipo tamverani cotsatira cace. America anali asanalowe nkhondo, ndipo lamulo lace linaletsa zombo zace kulowa m'madzi a nkhondo. Koma atagwa Massawa, sipanapita sabata, President Roosevelt analengeza kuti Nyanja Yofiira yatseguka, ndi zombo za ku America zinayamba kutula katundu pa Suez.

Cipata caciwiri cinali Madagascar. Ajapani, atakantha Pearl Harbor pa 7 December 1941 ndi kulanda Singapore pa 15 February 1942, anafika ndi zombo zao kufikira ku Ceylon. Ndipo pakati pa caka comweco sitima zao za pansi pa madzi zinamiza zombo ngati 20 m'madzi a pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Akadapeza doko pa cisumbu cija, njira ya ku Suez ikadaduka. Cifukwa cace Angelezi analanda Diego Suarez mu May, ndipo a Keyala, pamodzi nao a Nyasaland, anatsika pa Majunga mu September, nayenda m'kati mwa cisumbu kufikira mkuru wa Afalansa anagonja mu November 1942. M'njira yomweyi ya ku Cape munadzera akasinja ngati 300 a ku America amene anafika ku Egypt nkhondo ya El Alamein iri pafupi. Pa nkhondo imeneyo Rommel, mkuru wa ankhondo a Ajeremani, anasowa petulo, pakuti zombo zomtengera zinali kumizidwa ndi ndege ndi sitima, zambiri zocokera ku cisumbu ca Malta. Wina anali ndi mtengatenga wamoyo, wina wakufa. Mlandu unathera pamenepo.

Wina adzati, Koma amene anathyola msana wa Germany ndi anthu a ku Russia. Ndibvomera ndi mtima wonse, pakuti Ajeremani ambiri amene anafa pa nkhondoyi anafera kum'mawa, ndipo Soviet Union inataya anthu ngati 27 miliyoni. Komabe ngakhale kumeneko lamulo la mafuwa silinasintha. Ankhondo a Ajeremani atazingidwa mu Stalingrad, akuru ao analonjeza kuwadyetsa ndi ndege. Ndegezo sizinafikitsa ngakhale theka la zofunika, ndipo otsala anagonja pa 2 February 1943, atafoka ndi njala ndi cisanu. Ndipo pamene a ku Russia anayamba kupitikitsa mdani kunka ku Berlin, katundu wao wambiri anayenda pa magalimoto oposa 400,000 amene anadza pa zombo kucokera ku America.

Ku Burma ndiko kumene cinthuci cinaoneka poyera koposa. Mu March 1944 Ajapani analowera ku Imphal ndi ku Kohima, m'malire a India, atanyamula kamba wa masabata owerengeka, poyembekeza kudya za m'nkhokwe za Angelezi. Anazinga midziyo, koma ozingidwawo anadyetsedwa ndi ndege, ndipo ozingawo ndiwo anafa ndi njala. Pobwerera mu July anali atataya anthu oposa 50,000, akufa, olasidwa ndi odwala. Amene anawalondola m'cigwa ca Kabaw, m'nyengo ya mvula yoopsya, m'matope ndi m'malungo, ndiwo a 11th East African Division, m'mene munali magulu a Nyasaland ndi a Northern Rhodesia. Miseu itasanduka dambo, cakudya cao cinagwa kucokera kumwamba, ndipo anafika pa Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, mu December 1944. Pamenepo panamangidwa mlatho umene ankhondo a General Slim anaolokapo kunka ku Mandalay. Nthawi yomweyo sitima za ku America zinali kumiza zombo zotengera mafuta ndi mpunga ku Japan, kotero kuti dziko lija linali litauma kale asanagwe mabomba awiri a mu August 1945.

Winanso adzati, Nanga inali nkhondo yathu kodi? Funso ili nlolemera, ndipo sindilipeputsa. Dziko linali pansi pa ulamuliro wa eni ena; ena mwa anyamata analembedwa mokakamizidwa; malipiro ao anali ocepa poyerekeza ndi a mzungu woima naye pa mzere umodzi; ndipo ambiri pobwera anapeza kuti zimene anayembekeza sizinacitika. Zonsezi ziyenera kunenedwa. Koma kucepa kwa malipiro sikucepsa nchito. Ndiponso tisaiwale kuti Abyssinia, dziko la anthu akuda limene Mussolini analilowera mu 1935 ndi mpweya wakupha, linaona mfumu yace Haile Selassie ilikubwerera ku Addis Ababa pa 5 May 1941, ndipo mwa amene anailambulira njira munali ana a m'midzi yathu.

Amuna oposa 25,000 a dziko lino anabvala zobvala za nkhondo imeneyo. Zapita zaka zoposa 80, ndipo amene anaiona ndi maso atsala owerengeka. Posacedwa adzatha ngakhale ana ao amene anamva nkhanizi pamoto. Mabuku a kunja alemba maina a akazembe ndi a mizinda, koma dzina la mnyamata amene anatsala m'cigwa ca Kabaw lidziwika kwa mlongo wace ndi kwa nyakwawa ya mudzi wace basi.

Cifukwa cace ndipempha msonkhano ulingalire zinthu zitatu. Coyamba, mfumu iri yonse iitanitse kwa nyakwawa zace maina a onse amene anapita, ndi gulu lao, ndi dziko limene anamenyako, ndi kunena ngati anabwera kapena iai. Caciwiri, mabanja osunga mendulo, makalata kapena zithunzi abwere nazo kuti mlembi azilembe m'buku, eni ace nabwerere nazo kwao. Cacitatu, mainawo awerengedwe pabwalo la mfumu caka ndi caka m'mwezi wa November, ana a sukulu alikumva, ndipo mphunzitsi aonetse pa mapu pamene pali Moyale, Majunga ndi Kalewa, ndi njira ya zombo imene malo amenewa anaisunga. Nchitoyi siifuna ndalama zambiri. Ifuna buku limodzi, colembera, ndi mau a mfumu.

Ndine kapolo wanu m'nchito ya msonkhano,
Mlembi.