Matayala aakulu osasintha magiya n'kudzinamiza

Malume anga ali ndi Toyota Hilux yokoka ndi matayala onse anayi. Amanyamulira usipa kuchokera kumadoko a kufupi ndi Chia kupita nawo pa boma la Nkhotakota, masiku ena mpaka ku Kasungu. Chaka chatha anaikamo matayala aakulu kuti galimotoyo isamagunde pansi m'timisewu tochoka mu M5 kutsikira kunyanja, timene timakumbika nthawi yamvula. Maonekedwe okha, eee, inali mbambande. Koma patangopita milungu ingapo anayamba kudandaula: "Mphwanga, galimoto ija yafooka. Ikasenza katundu pamchenga ikuchita kukana kunyamuka, mpaka kilachi kununkha."

Injini inalibe vuto lililonse. Ine ndimati munthu amene waika matayala aakulu koma osasintha magiya a mu difu wafooketsa galimoto yake ndi ndalama zake zomwe. Ndipo inu amene mukuphunzira ma moment mu Physics mukhoza kuonetsa chifukwa chake ndi cholembera basi.

Tayesani izi kunyumba. Nyamulani ndowa ya madzi dzanja lili pafupi ndi thupi. Kenako tambasulani mkono ndowayo ili m'manja. Madzi ndi omwewo, koma phewa likumva kulemera, eti? Phewa lili ngati ekiselo, mkono uli ngati radius ya tayala. Ekiselo imapereka mphamvu yozunguza, imene timati torque. Mphamvu imene tayala limakankhira nthaka imapezeka pogawa torque ndi radius. Radius ikakula, torque ili yomweyo, mphamvu yokankha imatsika.

Tiyeni tiike manambala. Matayala akale a malume anali masentimita 78 kuchokera pansi kufika pamwamba, atsopanowo 86. Tikagawa 78 ndi 86 tikupeza 0.91. Ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yokankha linapita, m'giya iliyonse, kuyambira yoyamba. Pa tala galimoto ilibe katundu simungazindikire msanga. Pamchenga, matumba a usipa ali khathikhathi kumbuyo, dalaivala amayamba kusewera ndi kilachi kuti anyamuke, ndipo kilachi imapsa.

Palinso china. Tayala la masentimita 78 likazungulira kamodzi limayenda masentimita 245, chifukwa timachulukitsa 78 ndi 3.14. La 86 limayenda 270. Speedometer imangowerenga kuzungulira, sidziwa kuti tayala lasintha. Ikamaonetsa 50, galimoto ikuthamanga 55. Ikamaonetsa 80, muli pa 88. Tangoganizani zimenezi pa Benga kapena pa Dwangwa tsiku la msika, ana ndi njinga zili pikitipikiti m'mbali mwa msewu.

Nanga mankhwala ake? Ali mu difu, chibulunga chija mumachiona pakati pa ekiselo ya kumbuyo. Mkati mwake muli giya yaing'ono imene imazunguzidwa ndi shafti yochokera ku giyabokosi, ndipo iyo imazunguza giya yaikulu yolumikizana ndi matayala. Yaikuluyo ikakhala ndi mano 41, yaing'ono 10, ndiye kuti shafti imazungulira ka 4.10 kuti matayala azungulire kamodzi. Ndi nzeru yomwe ija ya wakabaza: akafika pachitunda amaponya tcheni pa giya yakumbuyo ya mano ambiri, n'kumapalasa kambiri koma mopepuka.

Kuti mubweze mphamvu imene yatayika, chulukitsani ratio yakale ndi kukula kwa tayala latsopano, kenako gawani ndi kukula kwa lakale. Ngati difu ndi ya 4.10, tichita 4.10 kuchulukitsa ndi 86, kugawa ndi 78, yankho 4.52. Magiya amene amapangidwa pafupi ndi nambalayi ndi a 4.56, a mano 41 ndi 9. Mukaika amenewo, injini imabwerera pa kazunguliridwe kake kakale pa liwiro lililonse.

Koma chenjezo ndi ili: galimoto yokoka ndi matayala anayi ili ndi madifu awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo onse ayenera kusinthidwa mofanana. Mukasintha yakumbuyo yokha kuti musunge ndalama, mukangoika four-wheel matayala akutsogolo ndi akumbuyo amafuna kuyenda pa liwiro losiyana. Amayamba kukanganirana, ndipo pamalo olimba chinachake chimathyoka.

Ndikudziwa ena anena kuti matayala aakulu amathandizadi. Zoona, amakweza galimoto. Koma onani bwino: tayala lakula ndi masentimita 8, difu yakwera ndi 4 okha, chifukwa ekiselo ili pakati pa tayala. Kodi masentimita 4 amenewa ndi oyenera mtengo wa matayala, magiya a madifu awiri ndi makaniko wodziwa kuwalumanitsa bwino? Kwa amene amayenda m'misewu yoipitsitsa tsiku ndi tsiku, mwina inde, bola achite zonse. Kwa ambiri a kuno kunyanja vuto ndi mchenga, ndipo mchenga uli ndi njira yaulere: kuphwetsako mpweya pang'ono kuti tayala liponde malo aakulu, kuika low range, kenako kupopanso mukafika pa tala.

Masamu amenewa ndinawalembera malume pa chikuto cha kope. Atafunsa mtengo wa magiya awiriwo anangopukusa mutu, n'kugulitsa matayala aakulu aja kubwerera ku akale. Anatayapo ndalama ndithu, kuphatikizapo ya kilachi yatsopano.

Ndiye anzanga, wina kwanu akamakamba zogula matayala aakulu, bwerekani tepi kwa telala kapena kalipentala. Yezani tayala lilipo, funsani kukula kwa limene akufunalo, gawani, muwaonetse yankho asanatulutse ndalama.